Musanagule Simenti ya Chipilala, Yambani Mwamva Ankhondo Akale

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, akuluakulu a boma ndi asilikali amakaika nkhata za maluwa pa zipilala za ankhondo, monga chija chili pafupi ndi Capital Hill ku Lilongwe, kamtunda pang'ono kuchokera kuno ku Area 43. Lipenga likalira, anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenaka n'kubalalika. Komatu m'mabanja ambiri muli mayina omwe sanalembedwe pamwala uliwonse. Pa nkhondo ya chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, omwe ankasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Choncho ngati inu ndi anansi anu mwaganiza zokweza khoma la mayina, kaya pa tchalitchi, pa mzikiti, pa sukulu kapena kumudzi komwe munachokera, mwaganiza bwino. Chovuta n'chakuti ntchito yotere ikayambira pa pulani ndi ndalama, eni nkhaniyo amangoimva ngati mphekesera, ndipo saiyandikira.

Yambirani m'nyumba mwanu momwe. Tsegulani sutikesi yakale ya agogo, muone ngati muli mendulo, chithunzi cha yunifolomu kapena kabuku komwe msilikali ankalandira potuluka usilikali. Mendulo zambiri za nkhondo yoyamba zinadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake m'mphepete mwake, tizilembo tating'ono toti muwerenge mutapendeketsa padzuwa. Musazikweche ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Kansalu kouma n'kokwanira. Jambulani zonse ndi foni, mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe m'kope dzina la munthuyo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lake. Nambala ya usilikali ndiyo yofunika koposa, chifukwa mayina athu azungu ankawalemba mokhotakhota, ndipo ena ankalowa usilikali ndi dzina losiyana ndi lomwe ankadziwika nalo pamudzi.

Mukatha apo, yang'anani pageti. Kuno kumipanda, alonda ena omwe amatigonera panja usiku anavalapo yunifolomu ya Malawi Army. Alipo omwe analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena mwa anzawo anatsala komweko. Munthu wotere musamufunse mutatsitsa galasi la galimoto injini ikulira. Muitanireni pakhonde tsiku lomwe sali pantchito, mumupatse mpando ndi tiyi, munene kuti, "Bambo, tili ndi maganizo okumbukira asilikali omwe anatisiya, ndiye tati timve kaye kwa inu eni ake." Ngati anali ndi udindo, muitaneni nawo: a Sajeni, a Kopolo. Udindowo anaukhetsera thukuta. Akakana kukamba za kunkhondo, musakakamize, pakuti zina zomwe anaona sanauzepo ngakhale akazi awo. Musajambule mawu ake asanalole. Ndipo popeza ndinu bwana wake, muuzeni poyera kuti kukana sikukhudza ntchito yake.

Konzekani kumva zowawa. Msilikali wopuma mukamutchulira chipilala, kawirikawiri amayamba wadandaula za penshoni yochepa, mankhwala ndi fizi ya zidzukulu. Ena adzakufunsani mosabisa kuti mwala udyetsa ndani. Funso limeneli ndi lolungama, ndipo ine ndikuona kuti komiti yomwe ilibe yankho lake isayambe n'komwe kusonkhetsa ndalama. Njira yabwino ndi kugwirizana kuyambira pachiyambi kuti gawo la chopereka chilichonse lipite kwa amoyo, monga okalamba omwe amasungidwa ku Memorial Home ku Zomba kapena amasiye a asilikali a m'dera lanu, ndipo gawolo lilembedwe kuti aliyense alidziwe.

Musayende nokha. Asilikali opuma ali ndi bungwe lawo la Veterans and Ex-Service Members League of Malawi, lomwe ambiri amangoti VELOM, lija limagulitsa timaluwa tofiira Novembala akamayandikira. Alembereni kalata, mupemphe kuti atumize munthu kumsonkhano wanu woyamba. Msilikali amakhulupirira msilikali mnzake. Mawu a mnzake yemwe anagona naye m'tchire amalemera kuposa kalata yokongola ya komiti ya anthu wamba. M'komitimo ankhondo akale akhale ndi mipando yeniyeni, wapampando kapena wachiwiri wake, osati kungowaitana tsiku lojambulitsa. Muikemonso mayi wamasiye wa msilikali. Amayiwa ndiwo amasunga makalata ndi zithunzi, ndipo amakumbukira masiku molondola.

Malo a msonkhano muwaganizire. Area 43 ndi kovuta kufikako kwa munthu wodalira minibasi ndi kabaza, ndipo mipanda yathu yaitali ndi agalu zimamuchititsa mlendo kudziona wosafunika. Ndi bwino kukumana pa holo ya tchalitchi kapena sukulu yomwe ili pafupi ndi siteji, masana, ndipo muwabwezere ya thiransipoti tsiku lomwelo, mwakachetechete, m'envulopu.

Nkhani yomwe idzatenge nthawi ndi yakuti pakhomapo palembedwe ndani. Kodi ndi okhawo anafera kunkhondo, kapena ndi omwe anabwerako n'kudzamwalira kumudzi? Nanga amtengatenga, omwe sanagwire mfuti? Mibadwo nayo ndi yosiyana. Pali a Keyala, King's African Rifles, omwe anamenya nkhondo ku Karonga mu Seputembala 1914, ndi omwe anapita ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma pa nkhondo yachiwiri. Pali a ku Nacala. Palinso anyamata a posachedwapa omwe anafera ku DRC posungitsa mtendere, monga Private Chancy Chitete, yemwe anaphedwa mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Gulu lililonse limaopa kuti liiwalika. Asiyeni akambirane mpaka atamvana okha, inu muzingolemba. Maganizo anga ndi akuti mayina asanjidwe motsata alifabeti, wamkulu ndi wamng'ono pamodzi, ndipo amtengatenga akhale pakhoma lomwelo, osati kuseri.

Dzina lililonse litsimikizidwe lisanafike kwa wosema mwala. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Za asilikali a pambuyo pa ufulu, funsani ku Malawi Defence Force kudzera ku VELOM. Mndandanda ukatha, uwerengedwe mokweza pamaso pa mabanja, chifukwa chilembo chikalakwika pamwala, kukonza kwake n'kodula ndipo banja limapwetekedwa mtima.

Za ndalama n'zachidule. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, mmodzi akhale msilikali wopuma. Zobwera pa Airtel Money kapena Mpamba zisalowe pa nambala ya munthu mmodzi popanda kaundula, ndipo lipoti liziperekedwa mwezi ndi mwezi. Ngati malo omwe mwasankha ndi apagulu, pitani ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi ku nthambi ya boma yoona za zipilala ndi zinthu zakale musanakumbe maziko. Polemba kalata yopempha chilolezo, siginecha za ankhondo akale zikhale pamwamba, ndi maudindo ndi manambala awo, zanu zibwere pansi.