Malangizo Posankha SSD ya Kompyuta ya Magemu kwa Kapichi

Ndalama ya m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo sibwera mophweka, ndipo chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida za kompyuta zidakwera mtengo koopsa. Musanakwere minibasi ya ku Limbe, tsatani izi.

1. Tsegulani kaye kompyutayo muone motherboard. Makompyuta ambiri a kaunjika, monga Dell OptiPlex zakale, amangolandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5. Atsopano ali ndi kampata ka M.2 kolowetsamo SSD yopyapyala, kawirikawiri ya 2280, yomwe ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Timipata tina ta M.2 timalandira NVMe yokha, tina SATA yokha. Jambulani nambala ya motherboard pafoni mukaonetse wogulitsa.

2. Ikani mtima pa kukula kwa malo. Apa m'pamene pagona nkhani kwa ife akumudzi. Red Dead Redemption 2 imafuna 150GB, Windows 11 imafuna malo osachepera 64GB. SSD ya 256GB ndiye kuti yatha ndi gemu imodzi yaikulu. Ikadzaza mumafufuta gemu, ndipo tsiku lomwe mwaifunanso mumagula bandulo ya Airtel kapena TNM, n'kuchezera usiku wonse mukudikira netiweki ya kuseri kwa mapiri. Ndalama yomwe mudapulumutsa pogula yaing'ono imathera pamenepo. Ngati thumba likulola, gulani ya 1TB. Likakana, musatsike pansi pa 500GB. Muzisiyanso malo ena opanda kanthu, chifukwa SSD ikadzaza kwambiri imayamba kuchedwa.

3. Manambala a liwiro asakukopeni. SATA imafika pafupifupi 550MB pa sekondi, NVMe ya Gen3 3,500MB, ya Gen4 7,000MB. Koma potsegula gemu, kusiyana kwake n'kwa masekondi ochepa chabe. Kuti zithunzi ziziyenda mosadukiza zimadalira graphics card, ndipo ndalama yotsalayo ipite kumeneko.

4. Chenjerani ndi zachinyengo. Pali ma SSD olembedwa 2TB kunja pomwe m'kati muli malo ochepa. Pulogalamu yaulere ya H2testw imaulula kukula kwenikweni. Ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, CrystalDiskInfo imaonetsa maola omwe yagwira ndi mphamvu yomwe yatsala. Wogulitsa akakana kuti muyese pomwepo, bwezani ndalama m'thumba. Mukatuma m'bale wa ku Joni, muuzeni agule ya Samsung, Kingston kapena Western Digital, m'bokosi losatsegula, ndipo lisiti libwere limodzi.

5. Gulani UPS, ngakhale yaing'ono. Magetsi akathima SSD ili pakati polemba, mafayilo amatha kuonongeka, mwina Windows osadzukanso. Tonse tikukumbukira mdima womwe udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Nyengo ya mvula ya ziphaliwali, zulani pulagi kukhoma.

6. Chiperoni chimalowetsa chinyezi m'nyumba, choncho kompyuta isakhale pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera. SSD ya Gen4 imatentha ikamagwira ntchito. Iikeni pansi pa kachitsulo koziziritsira ngati motherboard ili nako.

7. Hard disk yakale musaitaye. Koperanimo magemu omwe mwatsitsa pa intaneti ndi zithunzi za banja, muisunge padera m'kabati youma.