KAMBA WA MSILIKALI: PHUNZIRO LA KUSUNGA CHAKUDYA CHA PA NGOZI

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Opulumuka anathaŵira m'masukulu chimanjamanja. M'madera ena magetsi anazima, makala ananyoŵa ndipo mipopi inauma. Thumba la ufa silithandiza pamene palibe moto.

Asilikali anadziŵa zimenezi kalekale. Luso lotsekera chakudya m'mabotolo, limene Nicolas Appert wa ku France analengeza mu 1810, linafunika kwambiri podyetsa ankhondo. Kamba wa msilikali amakhala wopepuka, wopatsa mphamvu, wosaonongeka msanga, ndiponso wodyeka osaphika. Okwera phiri la Mulanje amatsata nzeru yomweyo, ndipo banja la ku Ndirande kapena ku Bangwe lingathe kuitsatanso.

Zofunika kusunga

Banja lisunge kamba wa masiku atatu: mtedza ndi chimanga zokazinga, chiponde, mabisiketi, shuga, mchere, nsomba kapena nyemba za m'zitini, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Zonsezi zingagulidwe pang'onopang'ono ku Limbe kapena m'magolosale a pafupi. Ziikidwe m'ndowa yotsekeka bwino, pamalo okwera ndi ouma, posavuta kunyamula usiku. Chotsegulira zitini chisaiŵalike.

Madzi

Munthu mmodzi amafuna pafupifupi malita 3 a madzi akumwa patsiku. Motero banja la anthu asanu lifuna malita 45 pa masiku atatu. Madziwo athiridwe klorini, asungidwe m'zigubu zotsuka ndi zovindikira, pakuti kolera amakonda nyengo ya madzi osefukira.

Zoyenera kusamala

1. Chitini chotupa, chadzimbiri kapena chodontha chitayidwe osalaŵa. Poizoni wa m'chitini chotere amapha ngakhale chakudyacho chisakununkha.

2. Chitini chikatsegulidwa, chakudyacho chidyedwe nthaŵi yomweyo.

3. Mtedza wachuku usadyedwe, chifukwa umaononga chiŵindi.

4. Mvula isanayambe, mu Okotobala, banja lione masiku olembedwa pa zitini, lidye zakale ndi kuikamo zatsopano.

5. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Mkaka wa m'botolo wosungunulira madzi okayikitsa umatsegula m'mimba.

Msilikali sakonza kamba nkhondo itayamba. Banja nalonso likonze wake kumwamba kusanade.