Kuphunzitsa za Magiya ndi Mphamvu Yopotokola: Chitsanzo cha Galimoto Zothamanga

Mau Oyamba

Poyendera aphunzitsi athu amene ali pa ntchito yoyeserera, taona kuti mutu wa makina umaphunzitsidwa mongoloŵeza. Mwana amatha kulemba kuti giya yoyamba ndi yokwerera mtunda, koma tikamfunsa chifukwa chake amangoti, "Imawonjezera mphamvu ya injini." Yankho limeneli ndi lolakwika, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala atalimva kwa mphunzitsi. Giya siwonjezera kanthu pa ntchito imene injini ikugwira. Imangosinthanitsa liŵiro ndi mphamvu yopotokola. Mphunzitsi akapanda kumvetsa zimenezi, kalasi lonse lisokera naye.

Tiyambe ndi Sipanala

Mphamvu yopotokola imapezeka pochulukitsa mphamvu imene tikukankhira ndi kutalika kwa chogwirira, ndipo muyeso wake ndi Nm. Tikakankha sipanala yotalika mamita 0.25 ndi mphamvu ya manyutoni 200, tipeza 50 Nm. Tikaloŵetsa paipi kuti chogwirira chifike mamita 0.5, tipeza 100 Nm, ngakhale dzanja likukankha monga kale. Koma tsono dzanjalo liyenda mtunda woŵirikiza kaŵiri kuti nati izungulire kamodzi. Ana ayese okha pa nati yolimba, pakuti chimene dzanja lamva sichiiŵalika msanga.

Njinga m'Kalasi

Tibwereke njinga ya magiya, tiigadamitse patsogolo pa kalasi, ndipo tilembe chizindikiro ndi choko pa tayala lakumbuyo. Ana aŵerenge mano. Tiyerekeze kuti giya ya kumapedulo ili ndi mano 48. Tcheni chikakhala pa giya yakumbuyo ya mano 16, gudumu lizungulira katatu pamene pedulo yazungulira kamodzi. Chikakhala pa ya mano 24, lizungulira kaŵiri kokha, koma kupalasa pamtunda kupepuka. Apa tifunse kuti, "Tapindula chiyani, nanga tataya chiyani?" Tisafulumire kuyankha tokha.

Tichenjere pa chinthu chimodzi. Pa njinga gudumu limazungulira msanga kuposa miyendo, pamene pa galimoto limazungulira pang'onopang'ono kuposa injini. Lamulo lake ndi limodzi, koma tikapanda kutchula kusiyanaku ana asokonezeka.

Galimoto Ziŵiri Zothamanga

Tsopano tiyerekeze galimoto ziŵiri zotchuka. Dodge Viper ya ku America, imene inatuluka mu 1992, inali ndi injini ya malita 8 yopereka 630 Nm pozungulira ka 3,600 pa mphindi. Honda S2000 ya ku Japan, ya mu 1999, inali ndi injini ya malita 2 yopereka 208 Nm pozungulira ka 7,500. Poona ziŵerengero izi, mwana anganene kuti Viper imakankha msewu katatu kuposa inzake. Sizili choncho ai.

Mu giya yoyamba, injini ya Viper imazungulira pafupifupi ka 8.2 kuti magudumu azungulire kamodzi, pamene ya Honda imazungulira pafupifupi ka 14.9. Ana achulukitse: 630 ndi 8.2 ndi pafupifupi 5,170 Nm. 208 ndi 14.9 ndi pafupifupi 3,100 Nm. Apa sitinachotsere zimene zimatayika pokhulana zitsulo. Motero kumagudumu kusiyana kuja sikufikanso ngakhale kaŵiri, ndiponso Honda ndi yopepukirapo.

Nanga Honda inatha bwanji kugwiritsa ntchito magiya otere popanda kusanduka thirakitala? Chinsinsi chake ndi chakuti injini yake imafika pafupifupi ka 9,000 pa mphindi. Tikagaŵa 9,000 ndi 15 tipeza kuti magudumu akuzungulirabe ka 600 pa mphindi. Injini yaing'ono yozungulira msanga, ikapatsidwa magiya oyenera, imayandikira injini yaikulu. Mtengo wake ndi wakuti woyendetsa ayenera kusintha magiya pafupipafupi kuti injini isatsike pa liŵiro limene imagwira bwino ntchito.

Tiwauzenso ana kuti pali malire. Mphamvu ikapitirira pamene matayala angathe kugwira msewu, amangoterereka ndi kufuka utsi, galimoto osapindula kanthu.

Kuyesa Ngati Amva

Tisawafunse tanthauzo loloŵeza. Tiwafunse kuti, "Bwanji woyendetsa amatsitsa giya pofuna kupitirira lole?" Kapena, "Bwanji sitingayende ulendo wonse mu giya yoyamba?" Mwana wotchula zonse ziŵiri, chimene chapindulidwa ndi chimene chatayika, ameneyo wamva.

Mau Omaliza

Ana athu ambiri sadzakwera galimoto zoterezi, komabe ena mwa iwo adzakonza njinga, zigayo ndi mapampu, ndipo lamulo lake ndi lomweli. Tsono musanaime patsogolo pa kalasi, gadamitsani njinga kunyumba, muŵerenge manowo nokha, ndi kuŵerengera masamu onsewa m'kope lanu.