Diso likundisowetsa tulo

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 43 wa ku Bvumbwe, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Masabata atatu tsopano diso langa lamanzere lili psuu, likupweteka mkati mwenimweni mpaka pamphumi ndi munsagwada. Usiku limachita kundidzutsa. Manthongo palibe, misozi yokha, ndipo dzuwa sindifuna n'kuliona komwe. Anzanga akuti ndi pinki ayi, koma mafuta a m'maso amene ndinagula sanathandize. Apongozi akuti wina wandiponyera, moti abwera ndi masamba oti ndifinyiremo, ndipo bambo a kunyumba akuti ndiwamvere amayi awo. Zala nazo zimauma m'mawa, koma izo ndinazolowera. Ndikajomba, akapitawo andidula tsiku. Nditani?

Mayi wosowa tulo, Bvumbwe

Mayi wa ku Bvumbwe,

Masambawo musafinyiremo, ngakhale dontho limodzi. Chimodzimodzi mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena madzi a shuga. Zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo m'diso, zina zimawotcha, ndipo alipo ambiri amene anachita khungu chifukwa cha izo.

Anzanuwo akukumbukira pinki ayi amene anayambira ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ambiri. Koma uja amayabwa, amathimbirira, amapatsirana m'nyumba, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amatha. Sadzutsa munthu pakati pa usiku. Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi matenda amene madokotala amati scleritis, kutupa kwa gawo loyera la diso. Gawo limeneli ndi chikopa cholimba chimene chimasunga diso lonse, ndiye chikatupa ululu wake umaboola, umakula mukatembenuza diso kapena kulikhudza, ndipo kufiira kwake nthawi zina kumapita kobiriwira. Amagwira kwambiri amayi a msinkhu wanuwu. Sapatsirana.

Mzere umene wandikhudza m'kalata yanu ndi wa zala zija mwati munazolowera. Musazolowere. Pafupifupi theka la odwala scleritis amakhala ndi nthenda ina m'thupi, ndipo imene imapezeka kawirikawiri ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, pamene chitetezo cha thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo. Mayi wothyola tiyi amaganiza kuti zala zauma ndi ntchito kapena chisanu cha ku Thyolo, pomwe mwina diso ndi zalazo gwero lake ndi limodzi. Kwa ena chimayambitsa ndi chifuwa chachikulu, chindoko, mashingozi kapena kuvulala kwa diso. Choncho akakuuzani kuti akuyezeni magazi, HIV, makhololo kapena akujambuleni pachifuwa, musakhumudwe ngati akukuganizirani zoipa. Akufuna kudziwa chenicheni, chifukwa mankhwala othandiza wa nyamakazi akhoza kukulitsa TB mwa munthu amene ali nayo.

N'chifukwa chake mafuta aja sanagwire. Matendawa ali mkati, ndipo amafuna mankhwala akumwa. Ambiri amayamba ndi mapiritsi ochepetsa kutupa monga ibuprofen kapena indomethacin, zikakanika, prednisolone, ndipo ena amafika pa methotrexate. Zonsezi alembe ndi dokotala. Ngati muli ndi pakati, zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, nenani asanalembe. Prednisolone sasiya mwadzidzidzi ululu ukatha, amachepetsa pang'onopang'ono monga akuuzireni. Mankhwala odonthezera a m'gulu lomweli ogula mwachisawawa amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso kapena kubweretsa ng'ala.

Mawa lomwe tengani kabuku kanu ka kuchipatala mupite ku Bvumbwe Health Centre. Kafotokozeni zonse: kuti ululu ukukudzutsani, masabata amene apita, mafuta amene munapaka, ndi zala zija. Pemphani kuti akutumizeni kwa a zamaso ku chipatala cha boma la Thyolo kapena ku Lions Sight First Eye Hospital ku Gulupu, ku Blantyre, kumene kuli makina oonera mkati mwa diso. Mukayamba kuona mwachimbuuzi, kapena pagawo loyeralo pakaoneka kadontho kakuda, musadikire kuti kuche kawiri, pakuti chikopa chija chimatha kupyapyala mpaka kubooka.

Za kuntchito, pemphani kalata ya dokotala. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza masabata anayi odwala pa malipiro onse, ndi ena asanu ndi atatu pa theka. Ngati muli wa sizoni, kalatayo kaperekenibe kwa akapitawo.

Apongozi musawanyoze, abwera ndi masambawo chifukwa akukuonani mukuvutika. Athokozeni, muwapemphe akuperekezeni kuchipatala kuti akamve okha. Bambo a kunyumba muwawerengere yankho ili, ndipo kwa iwo ndikuti: bambo, pezani ya minibasi, mkazi wanu akaonedwe sabata ino.

Azakhali