Chrome ikamadzitsekera mukadina linki, musathamangire kukafulashitsa

Pa Chintheche pano, foni ikayamba kudzitsekera munthu akangodina linki ya pa gulu la WhatsApp, mankhwala odziwika ndi amodzi: kukafulashitsa. Ndalama zimapita, mwina K5,000 kapena kuposa, manambala a makasitomala a usipa a ku Mzuzu amapita nazo, ndipo foni imabwerako ili ndi Chrome yakale kuposa poyamba.

Nthawi zina vuto limangokhala memory yodzaza. Koma ikamagwa pa tsamba limodzi lomwelo, kayikirani tsambalo. Mu September 2023 akatswiri a Apple ndi a Citizen Lab ya ku University of Toronto adaulula bowo lotchedwa CVE-2023-4863 m'kapulogalamu kotsegula zithunzi za mtundu wa WebP. Chithunzi chopangidwa mwachiwembu chinkakakamiza browser kulemba mopitirira malo amene yapatsidwa, ngati kukhuthulira usipa wa ndowa mu bigili. Zotayikira pambalizo ndi zimene zimagwetsa pulogalamu, ndipo wakuba wodziwa ntchito yake amalowetsera pomwepo malamulo ake. Kungotsegula tsamba kunali kokwanira. Chrome, Firefox, Edge ndi Opera zonse zidakhudzidwa. Google idatseka bowolo pa 11 September 2023, koma mabowo ena amapezeka mwezi ndi mwezi.

Choyamba tulukani pa tsambalo. Ikani foni pa airplane mode, tsegulani Chrome, tsekani tab yoyambitsa vutolo, kenako yatsani netiweki. Linkiyo musatumizire mlamu wanu kuti "tayesani kwanuko". Ifufuteni.

Tsopano update, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Amalowa mu Play Store, amadina Update, amaona mawu oti Pending, amaika foni m'thumba ali ndi mtima woti zatheka. Sizinatheke. Mafoni ena adatcheredwa kuti azidikira Wi-Fi, ndipo kupatula ogwira ntchito m'malodge a m'mbali mwa nyanja, ndani pano amene foni yake imalawa Wi-Fi? Ikhoza kudikira chaka chathunthu. Lowani mu Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba, Settings, Network preferences, App download preference, ndipo musankhe Over any network.

Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook sikoka kanthu ku Play Store, kaya muli pa Airtel kaya pa TNM. Imafunika bandulo ya intaneti yonse. 500MB ikwana bwinobwino. Ikani pambali K2,000 kapena K3,000, poti mitengo sikhala malo amodzi. Ngati kwanu kunsi kunyanja netiweki imabwera ndi kupita, kwerani kumsewu wa M5, muime pamalo amodzi mpaka update ithe. Foni ikadandaula za malo, fufutani mavidiyo a m'magulu aja, osati Chrome.

Mukatha Chrome simunamalize. Pali ina yobisika, Android System WebView, imene mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito potsegula masamba m'kati mwawo. Ilibe kachizindikiro pa sikirini, n'chifukwa chake imaiwalika. Ilembeni dzina mu Play Store, nayonso muidine Update. Ngati mumagwiritsa ntchito Opera Mini kapena Phoenix imene imapezeka m'ma Tecno ndi itel ambiri, chitani chimodzimodzi.

Ndiye tsimikizani ndi maso. Musanayambe, tsegulani Chrome, timadontho titatu, Settings, About Chrome, ndipo mulembe nambala ya version papepala. Mukamaliza, zimitsani foni, yatsani, kaonaninso. Nambala ikakhala yomwe ija, palibe chimene mwachita. Bwererani ku Play Store, mupeza Pending ija ikadakuyang'anani. Ndikubwereza chifukwa n'zimene anthu amadumpha: kudina Update ndi kwina, kusintha kwa nambala ndi kwina.

Malangizo a pabenchi yotchajira mafoni asiyeni pomwepo. Chrome yolandira pa Xender kwa mnzanu simudziwa kumene idachokera, ndipo kawirikawiri imakhala yakale. Timapulogalamu ta cleaner ndi booster sititseka bowo lililonse, timangodya batire ndi bandulo. Tsamba likakulalatirani kuti "foni yanu ili ndi mavairasi, dinani apa", lomwelo ndiye msampha.

Mafoni ena adafika pothera. Ya Android 7 idaima pa Chrome 119, ya Android 8 ndi 9 pa Chrome 138, ndipo kompyuta ya Windows 7 idaima pa 109 mu January 2023. Yesani Firefox ya mu Play Store ngati foniyo ikuilola. Ikakana, malinki achilendo musamatsegulirepo, ndipo za ku banki muzichitira pa manambala oyimba aja a nyenyezi, monga mumachitira ndi Airtel Money ndi Mpamba.