Dzina Langa Alilemba Mokhota: Makalata a ku Msanzala ndi ku Nyimba

Woulutsa:  Makalata a sabata ino onse akulira chinthu chimodzi: maina. Muno tili ndi aphunzitsi athu amene anaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri asanapume pa ntchito. 

Aphunzitsi:  Tiyeni tiyambepo.

Woulutsa: Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Msanzala. Akuti: "Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mpendadzuwa. Pa reji yanga, chitupa changa cha unzika, analemba Njobvu, koma m'kaundula wa kopaletivu yathu muli Njovu. Nditapita kukatenga feteleza anandibweza, ati maina sakugwirizana. Ndinapalasa njinga ulendo wonsewo n'kubwerako chimanjamanja, mvula ili pafupi kugwa. Kodi dzina loona ndi liti pamenepa, Njobvu kapena Njovu? Ndipo ndilowere kuti?"

Aphunzitsi: Pepani kwambiri bambo Njobvu. Munthu wakumudzi akabwezedwa chotero amataya tsiku la kumunda, amataya mphamvu, ndipo choŵaŵa kwambiri n'chakuti amamuyang'ana ngati wakuba pomwe dzinalo ndi la makolo ake.

Maina onse aŵiriwo ndi oona. Palibe amene ananama. Kalembedwe ka zilankhulo zathu kanabwera ndi anthu osiyanasiyana. A Dutch anali ku Nyanje, a Katolika ku Minga, a Anglican ku Msoro, ndipo pa Boma panali makalaliki olemba zitupa za msonkho. Aliyense ankalemba monga momwe khutu lake lamvera. Agogo athu amene ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ankabwerako ndi dzina lolembedwa mwina pa chitupa, mwina pa kalata ya ubatizo. Unduna wa zamaphunziro kuno ku Zambia unadzatulutsa kalembedwe kovomerezeka ka zilankhulo zathu mu 1977, ndipo ndiko kamene mumaona m'mabuku a ana, kolemba Cinyanja popanda h. Ku Malawi nako anakonza kawo, ndiye n'chifukwa chake iwo amalemba mavuto pomwe ambiri kuno timalembabe mabvuto. Njovu ndi Njobvu anasiyanira pamenepo. Koma malamulo a kalembedwe aja sanakhudze maina a anthu. Banja lililonse linatsala ndi kalembedwe kamene linapatsidwa kale, ndipo mumapeza ana a bambo mmodzi wina ndi Mvula, wina Mbvula, wina Chirwa, wina Chilwa.

Tsono vuto la lero ndi kompyuta. Kalaliki wakale akakuonani amadziŵa kuti ndinu yemwe uja wa kwa a nyakwaŵa akutiakuti. Kompyuta siidziŵa nkhope ya munthu. Ikaona b pamalo ena, pena osamuona, imati awa ndi anthu aŵiri.

Chochita ndi ichi. Reji ndiyo mayi wa mapepala onse. Ngati kalembedwe ka pa reji mukukavomera, musaigwire rejiyo. Pitani nayo kwa mlembi wa kopaletivu ndi kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, akonze kaundula kuti afanane ndi reji, chilembo ndi chilembo. Muonetsetsenso nambala: manambala 6 oyamba, aŵiri apakati osonyeza boma kumene munalembetsera, ndi 1 wakumapeto wosonyeza kuti ndinu nzika ya Zambia. Simu ya foni nayonso ikhale m'dzina lomwelo, chifukwa uthenga wa feteleza ndi ndalama za pa foni zimadzera pamenepo. Ndipo musadikire mwezi wa October. Zimenezi zimakonzedwa nthaŵi yokolola, kaundula asanatsekedwe.

Koma ngati cholakwika chili pa reji penipenipo, monga kuti makolo anu onse ndi a Njovu ndipo inu nokha ndi amene anakulembani mwina, pitani ku ofesi ya mareji pa Boma. Kumeneko amafuna umboni: chikalata cholumbira chimene amachitcha afidaviti, chosainidwa pamaso pa Commissioner for Oaths, pamodzi ndi pepala lililonse lakale lokhala ndi dzina lanu, kaya khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo kapena satifiketi ya sukulu. Mukatenga mbale wanu wamkulu wokhala ndi reji yake zimathandiza. Kusintha dzina lonse ndi nkhani ina, imafuna chikalata cha deed poll cholembedwa ndi a zamalamulo. Inu simukusintha dzina, mukungowongola.

Ndiwonjezepo za amayi athu okalamba, chifukwa iwo ndiwo amazunzika koposa. Gogo mudzi wonse umamudziŵa kuti aNaphiri, pa reji pali dzina la bambo ake, ku tchalitchi analembedwa ndi dzina la amuna ake. Olemba maina a thandizo la ndalama la Social Cash Transfer akafika n'kufunsa kuti "dzina lanu ndani, agogo?" iye amatchula limene alizoloŵera. Adzukulu, tsiku lolembetsa khalani pambali pa agogo anu, reji ili m'manja.

Woulutsa: Koma aphunzitsi, anthu ambiri amaopa kumuuza kalaliki kuti walakwitsa.

Aphunzitsi: Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse. Tinaleredwa kuti munthu wokhala kuseri kwa tebulo satsutsidwa. Munthu amayima pamzere kuyambira m'maŵa, akafika kutsogolo amatchula dzina motsitsa mawu, maso pansi, akapatsidwa pepala amalandira ndi manja aŵiri n'kumapita osaliyang'ana. Ulemu ndi wabwino, koma safunsa anadya phula. Kunena kuti "chonde bwana, tandiŵerengerani zimene mwalembazo" si mwano ayi. Ngati simudziŵa kuŵerenga, pemphani akutchulireni, kapena mwana wa sukulu akuonereni musanachoke pakhomopo. Ndipo inu olemba maina, m'masukulu, m'zipatala, m'makopaletivu, ndikupempheni ndi mtima wonse: funsani mwini dzina. Musamulembere monga mmene amalembera kwanu.

Woulutsa: Kalata yachiŵiri ndi ya mtsikana wa kwa Ndake ku Nyimba, koma akugwira ntchito mu Lusaka. Akuti: "Abwana anga ndi ochokera kunja. Amanditcha Firi m'malo mwa Phiri. Dzina langa loyamba akuti ndi lalitali, ndiye anandipatsa lina lachizungu, ndipo tsopano anzanga onse apantchito akunditcha lomwelo. Ndikafuna kuwauza ndimachita mantha kuti ntchito ingandithere. Kodi ndingolekerera?"

Aphunzitsi: Mwanangu, usalekerere. Dzina lako anakutcha ndi anthu amene anakhala pansi n'kuganiza. Kwathu kuno mwana satchedwa dzina mwachisawawa. Tikamva Mabvuto, Misozi, Masiye kapena Chikondi timadziŵa zimene zinali pakhomopo mwanayo akubadwa, ndipo ena amapatsidwa dzina la agogo amene anatisiya kuti lisafe. Munthu wongokudziŵa dzulo alibe mphamvu yolichotsa chifukwa choti lilime lake lachita ulesi.

Za Firi zija, abwana akowo sakuchita dala. M'Chingerezi p ndi h zikakumana zimamveka ngati f, ndiye iwo akuŵerenga mwa kwawo. Kwa ife h uja ndi mpweya wotuluka pambuyo pa p, t kapena k. Auze aike chikhatho patsogolo pa kamwa, anene kuti pita, kenako anene kuti Phiri. Pachiŵiripo adzamva kamphepo pachikhatho. Ndinkaphunzitsa ana a Giredi 1 motero ndipo ankagwira tsiku lomwelo. Mpweya umenewu si wokongoletsa. Kupa madzi ndi kupha munthu n'zosiyana, kutula katundu ndi kuthula zipatso n'zosiyana. Ngakhale dzina la mfumu yathu Nyamphande mumaliona m'manyuzi litalembedwa Nyampande, ndipo la mfumu Mwanjaŵanthu ena amalemba ndi w, ena ndi b, chifukwa liwu lapakatilo lili pakati pa ziŵirizo ndipo makina ambiri alibe kachilembo kake ka ŵ. Ngati zikuchitikira mafumu, usaganize kuti iwe akukupeputsa wekha.

Kanenedwe kake n'kofunika. Usawawongole pagulu, pamaso pa makasitomala. Apeze ali okha, uwauze modekha kuti, "Bwana, ndingakonde muzinditcha dzina langa lenileni, limatchulidwa chonchi." Ulitchule pang'onopang'ono, uwalembere papepala moligaŵa. Akaiŵala maŵa, ubwereze, osakwiya. Anzako apantchito, amene ndi a Zambia anzathu, uwauze mosapita m'mbali, chifukwa iwo alibe chowiringula. Ndipo uyang'ane pa pepala la malipiro ndi ku NAPSA kuti dzina lopatsidwalo silinaloŵeko. Likaloŵa kumeneko udzavutika nalo pa ukalamba potenga ndalama zako.

Taona atsikana athu a mpira a Copper Queens. Kaputeni wawo amalemba dzina lake Barbra, osati Barbara, ndipo chipitireni ku Orlando Pride mu 2024 olemba nkhani a ku America aphunzira kulilemba momwemo. Racheal Kundananji anapita ku Bay FC chaka chomwecho, ndipo oulutsa mpira kumeneko amalitchula lonse, Kundananji, osalidula. Lilime la munthu limaphunzira ngati mwiniwake wafuna. Ife tinaphunzira kunena Christopher ndi Elizabeth tili ana osavala nsapato.

Woulutsa: Yachitatu ndi yaifupi, yachokera ku Ukwimi. Akuti: "Bambo anga anabwera kuchokera ku Mozambique nthaŵi ya nkhondo, nakwatira kuno. Pa mapepala awo akale pali Muanza, ife ana tonse ndife a Mwanza. Tikapita kwa abale ku Tete amati tinasintha dzina. Zoona?"

Aphunzitsi: Simunasinthe, achimwene. Ku Ukwimi kunakhala anthu ambiri othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ndipo anabwera ndi mapepala olembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Apwitikizi amalemba u pamene ife timalemba w, amalemba nh pamene ife timalemba ny. Choncho Mwale amakhala Muale, Nyanja imakhala Nhanja. Pakamwa ndi dzina limodzi, mfunda umodzi, ndipo Ansenga ndi Acheŵa ali mbali zonse ziŵiri za malire. Mapepala a bambo anuwo muwasunge bwino, musawakonze ndi bolopeni. Tsiku limene mudzafune kusonyeza kuti Muanza ndiye bambo wa Mwanza, afidaviti ija ndi mboni za m'mudzi zidzalumikiza.

Woulutsa: Yomaliza lero ndi ya mayi wina wa kufupi ndi Minga. Akuti: "Ife ndife a Ng'oma. Mwana wanga ali Giredi 7, ndipo pa lipoti la sukulu amamulemba Ngoma. Nditadandaula anandiuza kuti ndi kachizindikiro chabe, kompyuta imakakana. Mwanayo naye wayamba kudzilemba Ngoma. Kodi ndikulimbana ndi zachabe?"

Aphunzitsi: Si zachabe mayi, ndipo mwachita bwino kudzuka mwana akadali Giredi 7. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Onse aŵiri ndi maina a anthu kuno kum'maŵa, ndipo ndi mabanja osiyana. Kachizindikiro kapamwambako kakachoka, mwana wanu wasamutsidwira ku banja lina. A Ng'uni, a Ng'andu ndi a Ng'ambi onse amadziŵa ululu umenewu.

N'zoona kuti makina ena amakana kachizindikiroka, koma ambiri amakalandira, ndipo kaŵirikaŵiri wolembayo amangokadumpha pofulumira. Chimene chikundidetsa nkhaŵa ndi mayeso. Dzina limene sukulu yatumiza ku Examinations Council of Zambia ndilo limatuluka pa satifiketi, ndipo satifiketiyo idzakumana ndi reji mwana akadzakwanitsa zaka 16, idzakumananso ndi mafomu a ku koleji ndi a ntchito. Mayeso asanalembedwe, sukulu imalandira mndandanda wa maina kuti ana aone ngati zonse zili bwino. Mwana wa zaka 12 kapena 13 amangoona dzina lofanana ndi lake n'kuvomera. Pitani nokha kwa ahedi, mutenge khadi la kusikelo kapena satifiketi ya kubadwa, mupemphe kuona mzere wa mwana wanu ndi maso anu: dzina, tsiku lobadwa, komanso ngati analemba kuti ndi mnyamata kapena mtsikana. Kukonza panthaŵi imeneyo kumatha pa sukulu pomwepo. Satifiketi ikatuluka, pamafunika makalata, malumbiro ndi maulendo.

Ngati makinawo akanadi, pemphani ahedi akulembereni kalata ya chidindo yonena kuti Ngoma wa pa mndandanda ndiye Ng'oma wa pa khadi la kubadwa, muisunge pamodzi ndi mapepala ena a mwanayo. Kunyumba nako mukhale naye pansi. Mumuuze a Ng'oma anachokera kuti, agogo ake anali ndani, ndipo pa chikuto cha kope lililonse azilemba dzina lake lonse ndi kachizindikiro kake, ngakhale aphunzitsi atakasiya pa lipoti.

Woulutsa: Nthaŵi yatithera. Makalata a kwa Mumbi ndi kwa Luembe amene atsala tidzawaŵerenga sabata ya maŵa nthaŵi ngati yomwe ino.