Wogoletsa Akachita Bwino: Tiyamikire Kapena Tikayikire?

Amene tinakulira ku Mchinji tikudziwa zomwe zimachitika pa bwalo la mpira Lamlungu masana. Mnyamata akangogoletsa zigoli zitatu, asanavule n'komwe jezi, kunja kwa bwalo kwamveka kale manong'onong'o. Wina akuti wakhwimira, wina akuti anakatenga mankhwala kutsidya kwa Mwami, winanso akuti anachepetsa zaka. Nthawi zina zimakhala zoona, koma nthawi zambiri palibe amene ali ndi umboni. M'phunziro lino tiona momwe kukayikirana kotereku kunawonongera masewera ena otchuka ku America, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira.

Zomwe zinachitika ku America

Baseball ndi masewera omwe wina amaponya kampira kolimba, mnzake n'kukamenya ndi chibonga. Akakamenya mwamphamvu mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, amati wamenya home run, ndipo anthu amasangalala ngati momwe ife timachitira chigoli chikalowa.

Mu 1961, Roger Maris anamenya ma home run 61 m'chaka chimodzi, ndipo kwa zaka 37 palibe anamuposa. Mu 1998 anthu awiri anamudutsa pakamodzi: Mark McGwire anamenya 70, Sammy Sosa 66. Mu 2001 Barry Bonds anafika 73, ndipo mu 2007 anapitirira ma home run 755 omwe Hank Aaron anamenya pa moyo wake wonse wamasewera, iye n'kuthera pa 762.

Anthu anayamba kudabwa ndi matupi a osewera omwe ankakula modzidzimutsa. Mu 1998 mtolankhani wina anaona botolo la mankhwala otchedwa androstenedione pamalo pomwe McGwire ankasungapo katundu wake. Nthawi imeneyo malamulo a baseball sankaletsa mankhwalawo, ngakhale ku Olympics anali oletsedwa. Kuyeza osewera a ligi yaikulu kunayamba mu 2003. Mu December 2007, lipoti la George Mitchell, yemwe kale anali senator, linatchula osewera oposa 80. Mu January 2010, McGwire anavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid. Bonds wakhala akunena kuti sanawagwiritsepo ntchito akudziwa, ndipo chigamulo cha khoti chomwe chinamupeza wolakwa mu 2011 chinafafanizidwa mu 2015. Komabe atolankhani omwe amavotera osewera oti alowe mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerawa, anamukana kwa zaka 10.

Ma steroid ndi chiyani?

Ma anabolic steroid ndi mankhwala opangidwa motsanzira testosterone, homoni yomwe thupi limapanga lokha, yochuluka mwa amuna koma imapezekanso mwa akazi. Amakulitsa minofu ndipo amathandiza thupi kuchira msanga munthu akachita masewera olimbitsa thupi, choncho wosewera amatha kuchita maphunziro olemetsa tsiku ndi tsiku osatopa kwambiri. Koma mtengo wake ndi waukulu. Amawononga mtima ndi chiwindi, amakweza kuthamanga kwa magazi, amachepetsa mphamvu yobereka mwa amuna, amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu mwa akazi, ndipo wachinyamata yemwe akukula angathe kupinimbira chifukwa mafupa amasiya kutalika nthawi isanakwane. Tisawasokoneze ndi mankhwala monga prednisolone omwe achipatala amapereka kwa odwala mphumu. Dzina ndi lofanana, koma ntchito ndi yosiyana. Kwa ife amene timaphunzitsidwa kuti thupi ndi kachisi woyenera kusamalidwa, palibe chikho chomwe mtengo wake ungafanane ndi chiwindi.

Nsomba ikawola imodzi

Choipa chachiwiri cha chinyengo n'chakuti chimadetsa ndi osalakwa omwe. Jeff Bagwell anamenya ma home run 449. Sanapezekepo ndi mankhwala oletsedwa pomuyeza, ndipo dzina lake mulibe mu lipoti la Mitchell. Koma poti anali wadzitho ndipo ankasewera m'nyengo yomweyo, ambiri anamukayikira, ndipo analowa mu Hall of Fame mu 2017 atavoteredwa kachisanu ndi chiwiri. Aaron Judge atamenya 62 mu 2022, m'malo mongosangalala, anthu anayamba kukangana kuti nambala yeniyeni yopambana ndi 62 kapena 73.

Kwathu kuno tinazionanso, osati pa bwalo koma m'kalasi. Mu November 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndipo ophunzira analembanso mu January 2021. Amene anaba anali ena, koma amene anabwerera kukawerenganso anali onse, ngakhale mtsikana wa ku CDSS ya kumudzi yemwe analibe ndi foni yomwe yolandirira mayankho.

Kukayikira popanda umboni

Pali kukayikira kwina komwe sikuchokera pa chinyengo chilichonse, koma pa maonekedwe a munthu basi. Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa zigoli zitatuzitatu pa masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, posewera ndi Netherlands komanso China. Chaka chotsatira sanasewere mpikisano wa amayi wa mu Africa ku Morocco chifukwa cha malamulo okhudza kuyeza osewera achikazi, nkhani yomwe inakhudza testosterone. Palibe bungwe lomwe linamupeza ndi mlandu womwa mankhwala. Anasewera World Cup ya 2023, ndipo mu 2024 anagoletsa chigoli chomwe chinapatsa Orlando Pride chikho cha ligi ya amayi ku America. Ngakhale zinali choncho, atasankhidwa ndi BBC kukhala wosewera wamkazi wopambana wa 2024, ananyozedwa kwambiri pa intaneti.

Tabitha Chawinga wathu yemweyu anafotokozapo poyera kuti ali wamng'ono anachititsidwa manyazi pa bwalo chifukwa anthu sankakhulupirira kuti mtsikana angasewere motero. Lero iye ndi mng'ono wake Temwa, yemwe anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, ndi amene akunyamula dzina la Malawi. Tiganizire atsikana angati anasiya mpira chifukwa cha mawu ngati amenewo.

Tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, lamulo likachedwa, mphekesera ndi zomwe zimalamulira. Baseball inachedwa kuyeza osewera, ndipo mpaka lero palibe angasiyanitse bwinobwino wolakwa ndi wosalakwa wa nyengo ija. Mphunzitsi woyang'anira mayeso mosamala sakuzunza ana, akuteteza mbiri ya amene anawerenga.

Chachiwiri, kudabwa si umboni. Umboni ndi zotsatira za kuyeza, chikalata chobadwira, kapena kuvomera kwa mwini wake. Ambiri a ife tikaphunzitsa. Tsiku lina mwana yemwe ankapeza 40 adzapeza 85. Tikadzamufunsa pagulu kuti wabera kwa yani tisanafufuze, tingadzaphe khama lomwe linali litangoyamba kumera. Njira yabwino ndi kumuitana payekha n'kumupempha afotokoze momwe anapezera yankho. Ngati anabera zidzaoneka, ndipo ngati sanabere adzatuluka ali wolimbikitsidwa.

Chachitatu, lamulo loletsa kuchitira mnzathu umboni wonama limagwiranso ntchito kunja kwa bwalo ndi pa WhatsApp. Kutumiza mphekesera kwa ena ndi kuikirapo umboni.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani anthu amafulumira kukayikira wochita bwino kusiyana ndi kumuyamikira?
2. Ngati mukuganiza kuti mnzanu wa m'kalasi akubera mayeso koma mulibe umboni, muyenera kutani?
3. Kodi wosewera yemwe wavomera kulakwa, monga McGwire, ayenera kulandidwa ulemu wake wonse? Fotokozani maganizo anu.